Dzuwa la Kampani

Kuno kumene mtsinje wa Niger umatambasula zala
usanadzipereke ku nyanja yamchere,
tili ndi madzuwa awiri.
Lina ndi la Mulungu: limatopa, limakagona.
Linalo ndi la kampani,
laima pa nsonga ya chitsulo kuseri kwa mpanda wa waya,
likubangula chiyambire chaka chimene ndinamera mano.

Ndimayanika chinangwa changa pamenepo.
Musandiweruze.
La Mulungu limafuna masiku atatu,
la kampani maola ochepa chabe,
ngakhale limandiwaula nsidze
ndi kundisiyira dzimbiri kukhosi.

Tambala wa a Ebikeme anasokonezeka kalekale.
Amalira pakati pa usiku,
masana n'kumawodzera ngati mlonda.

Doubra, mwana wanga wachiwiri,
amalemba masamu pakhonde ndi kuwala kofiirako,
pakuti babu la m'nyumba mwathu
ndi chipatso chokana kupsa.
Lalendewera zaka zisanu ndi chimodzi.
Nthambo yake inathera pa mtengo umene unagwa ndi mvula,
ndipo odzaudzutsa akadali m'njira.

Dzulo wandiwerengera za m'buku lake:
akuti dziko lonse limameza mafuta
migolo pafupifupi mamiliyoni zana dzuwa lisanabwerere pamene linali.
Ndinatsinzina kuti ndiione migoloyo itandanda.
Ndinangoona chigubu changa chachikasu cha malita asanu,
chimene ndimapalasa nacho bwato mpaka ku Nembe
kukaima pa mzere kuyambira mbandakucha,
kuti ndigule, pa mtengo woboola m'thumba,
zimene zimadutsa m'mapaipi pansi pa munda wanga
osandipatsa moni.

Mlongo wanga Tonye amakolopa m'sitima za ku Bonny,
zoyera mbee ngati zipatala,
zonyamula gasi woziziritsidwa mpaka kusanduka madzi.
Akabwera amasimba.
Akuti uko, kumaiko a chisanu,
kuli nyumba zofunda ndi pansi pomwe,
kuli masitolo oyaka usiku wonse
kuunikira zidole zovala masuti
mumsewu mulibe ngakhale galu.

Koma anasimbanso china, mwa mawu otsika.
Padoko lina anaona gogo wachizungu
atavala majasi awiri m'basi yozungulira tauni,
osatsika,
chifukwa m'basimo mumafunda ulere
pamene kwake mita imadya penshoni ngati chiswe.

Ndinakhala chete.
Ndinali nditamukonzera mkwiyo mayi ameneyo,
ndiye ndiupititse kuti tsopano?
Paipi ndi imodzi:
ine kumutu kwake ndikupsa,
iye kumchira kwake akunjenjemera,
ndipo pakati pathu pali wina amene sitidzamuona nkhope,
akuwerenga manambala m'chipinda chosatentha, chosazizira.

Mvula ya kuno imagwa yakuda.
Malata amabooka asanathe kulipiridwa.
Ndikapukuta mphuno ya wamng'onoyu, Tariere,
nsalu imachita ngati ndapukutira mphika.
Nsomba zija tinkazitaya kuti ndi zazing'ono
lero timazigula, zochokera kunja, zouma gwa ndi ayezi.

Aphunzitsi a Doubra akuti dziko likufuna kuleka kuyamwa.
Akuti mphepo ndi dzuwa zayamba kulembedwa ntchito,
kuli zipupa zitalizitali zozungulira pakati pa nyanja,
ndi magalasi oyalidwa m'chipululu ngati mbewu.
Akuti tsiku lina motowu udzazima.

Ndikufuna ndidzakhalepo usiku umenewo.
Ndidzamva kaye chete, makutu akulira posowa chobangula.
Kenako ndidzatulutsa ana panja
ndi kuwalozera kumwamba,
pakuti Tariere nyenyezi amazidziwa zitatu zokha,
ndipo imodzi mwa izo ndi ndege.

Chinangwa chidzafunanso masiku atatu.
Ndidzadikira.
Koma masamu a Doubra,
kodi adzawalemba ndi kuwala kwa yani?